Mukufuna kukaphunzira za kompyuta ku America? Sankhani zochita za kunja kwa kalasi motere

Kuno kwathu, posankha ana opita ku MUST kapena ku MUBAS chachikulu ndi mapointi a MSCE. Ku America mapointi paokha sakwanira. Mayunivesite ngati MIT ndi Carnegie Mellon amalandira mafomu a ana ochuluka okhoza masamu, ndiye amafunanso kudziwa kuti mukaweruka nthawi yanu imathera pa chiyani.

Yambani ndi kudziwa malo omwe mudzalembepo. Fomu ya Common App, yomwe mayunivesite ambiri kumeneko amagwiritsa ntchito, ili ndi mipata 10 yolembamo zochita za kunja kwa kalasi, ndipo chochita chilichonse mumachifotokoza ndi zilembo 150 zokha. Zilembo, osati mawu. MIT ili ndi fomu yakeyake ya mipata 4 basi. Ndiye zolowa kalabu iliyonse yomwe ili pasukulu zisiyeni; ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani ziwiri kapena zitatu, mukhale nazo kuyambira Fomu 2 mpaka kumaliza.

Chimodzi chikhale mpikisano. USACO, mpikisano wa ku America wolemba mapulogalamu a kompyuta, imachitika pa intaneti, ndi yaulere, ndipo aliyense amaloledwa kulowa. Mumayambira pa Bronze n'kumakwera Silver, Gold mpaka Platinum, polemba mapulogalamu m'zilankhulo za kompyuta monga Python, Java kapena C++. Ngati simunalembepo pulogalamu, yambani kaye ndi maphunziro a pa intaneti a CS50 a ku yunivesite ya Harvard, omwenso ndi aulere, kupatula bandulo.

Chachiwiri, chomwe ine ndimachiona cholemera kuposa zonse, pangani chinthu choti anthu azigwiritsadi ntchito. Tinene kuti mayi anu ali mu banki m'khonde. Msungichuma ali ndi kope lothothoka zikuto, ndipo tsiku logawana ndalama amayi amatsutsana mpaka dzuwa kulowa chifukwa chiwongoladzanja chasokonekera penapake. Apo pali ntchito. Khalani nawo pansi, muone momwe amalembera, kenako lembani kapulogalamu kowerengera ngongole ndi masheya. Poyamba kadzalakwitsa, iwo adzakudandaulirani, inu mudzakonza. Mbiri ya kukonzako ndiyo idzakupatseni zolemba pa fomu, osati gemu yokopera pa YouTube yomwe ana zikwi apanganso. Ikani ntchitoyo pa GitHub, webusaiti yosungirapo mapulogalamu, kuti masiku omwe munkagwira azioneka. Atsikana akhozanso kupita nayo ku Technovation Girls, mpikisano wopanga ma app othetsa mavuto a m'dera.

Zikakhazikika, phunzitsani anzanu. Ana asanu osonkhana pa laputopu imodzi Lachisanu lililonse kwa zaka ziwiri ndi umboni wa utsogoleri kuposa dzina la "tcheyamani" wa kalabu yosakumana.

Musataye kwaya, mpira kapena netiboli poganiza kuti sizikhudza kompyuta. Ngakhale kulera azing'ono anu kapena kugulitsa pa okala ya kwanu kumawerengedwa, pakuti Common App ili ndi gawo la ntchito za pabanja. Ambiri amachita nazo manyazi n'kusiya mpata uli mbee.

Khalani ndi kope lolembamo zonsezi, chifukwa fomu imafunsa maola pa sabata ndi masabata pa chaka. Osawonjezera manambala, aphunzitsi anunso adzalemba kalata yokuchitirani umboni, ndipo ziwirizi zikasemphana mwadzipalira nokha. Aphunzitsiwo auzeni msanga zomwe mukuchita, asadzazimve mwezi wotumiza mafomu. Otumiza mofulumira nthawi zambiri amatsekeredwa pa 1 Novembala, ena onse kumayambiriro kwa Januwale, ndipo alangizi a EducationUSA, ofesi yolangiza za maphunziro a ku America, ku Lilongwe angakuthandizeni kuona masiku a yunivesite iliyonse.