Kawerengedwe ka makalata opempha maudindo kwa Roosevelt

Ine ndikatsegula makalata a Theodore Roosevelt, yemwe anali pulezidenti wa dziko la America, omwe Library of Congress (laibulale yaikulu ya boma la America) inaika pa intaneti, mawu otamanda a koyambirira aja ndimangowadumpha. Wopempha aliyense amayamba ndi kunyengerera basi.

Inu yambani ndi yankho: wasayina ndani? Akakhala mlembi, George Cortelyou kapena William Loeb, mwina Roosevelt mwini wakeyo kalatayo sanaiwerenge n'komwe.

Kenako fufuzani amene anamuyankhulira wopemphayo, pakuti apa ndiye pagona nkhani. Mu 1901 Booker T. Washington, mtsogoleri wotchuka wa anthu akuda ku America, anayankhulira Thomas Goode Jones, wa chipani cha Democrat, ndipo Roosevelt, ngakhale anali wa Republican, anaika Jonesyo kukhala woweruza milandu m'chigawo cha Alabama.

Lembani m'kope tsiku la kalata iliyonse, muyerekeze ndi tsiku limene udindo unaperekedwa. Makalata ofuna ntchito zapapositi ndi ambirimbiri; ine ndimawerenga okhawo amene seneta (phungu wa nyumba ya malamulo ya ku America) analowererapo.