Mmene ndimawerengera John Keats

Powerenga John Keats, mlakatuli wa ku England, musayambe ndi ndakatulo zake zotchuka za mu 1819 zotchedwa "odes". Ine ndinayambira komweko, ndipo ndinkangomva kukoma kwa mawu osadziwa gwero lake.

Yambani ndi Edmund Spenser, mlakatuli wakale wa ku England amene Keats ankamutsanzira. Werengani mokweza ndime imodzi yokha ya ndakatulo yake yaitali, The Faerie Queene. Ili ndi mizere 9, womalizawo wautali kuposa anzake. Mukatero tsegulani "The Eve of St. Agnes" ya Keats. Kamangidwe ka ndime ndi komweko. Mzere wautali uja umakuchedwetsani, mumapuma ngati munthu amene watula katundu pamutu. Ine pensulo sichoka m'dzanja, ndimachonga mzere umenewo pa ndime iliyonse.

Kenako John Milton, mlembi wa ndakatulo yaitali ya Paradise Lost. Keats analemba "Hyperion" akutsata kalembedwe ka Paradise Lost, koma anaisiya osaimaliza. Iye mwini anadandaula kuti mawu ake akungosinthana malo m'chiganizo monga amachitira Milton. Fufuzani malo amene mawu asinthana malo, mumupeza Milton ali phee pamenepo.

Keats anamwalira ku Rome mu 1821 ali ndi zaka 25 zokha. Kuti mumve kumene liwu lake linapita, werengani chiyambi cha "The Lotos-Eaters" ya mlakatuli Alfred Tennyson, ya mu 1832. Ndime ya Spenser ija yabweranso, ndi ulesi wokoma wa Keats.