Mmene mungapewere Fried Liver pa mpikisano wa tchesi

Mukakhala ndi zakuda ndipo masewera ayamba motere (N ndi hatchi, B ndi bishopu, x ndi kudya, + ndi cheki, ndipo zina monga e4 ndi mayina a mabokosi a pa bolodi): 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 kenako mnzanuyo nkubwera ndi 4.Ng5, dziwani kuti akusaka pawn (kamsilikali kakang'ono) yanu ya pa f7 basi, pajatu pamenepo imateteza ndi mfumu yokha. Musanjenjemere ayi, sewerani 4...d5, akadya 5.exd5 apa ndi pomwe ambiri amagwera chifukwa amathamangira 5...Nxd5 ndiye 6.Nxf7 imagwa (imeneyi ndiye Fried Liver: mnzanuyo amapereka hatchi yake pa f7), mfumu yanu nkukokeredwa pakati pa bolodi, zikatero ndi mavuto okhaokha. Ndipo kumbukirani kuti pa mpikisano mukagwira hatchi ya pa f6 ija muyenera kuisuntha, palibe zobweza.

Inu sewerani 5...Na5 kuopseza bishopu wa pa c4. Akapereka cheki 6.Bb5+ yankhani c6, pawn imodzi ipita inde koma zida zanu zituluka msanga kuposa zake.