Mmene mungathetsere phokoso la madampa pa grand piyano

Piyano ya kutchalitchi kwathu inayamba kumachita "fwaaa" ukangoponda pedulo yakumanja, moti pa nyimbo zofatsa phokosolo limamveka kuposa nyimboyo. Olakwa ndi madampa, timitengo takuda tija tokhala pamwamba pa mawaya tili ndi felt (kansalu kokhuthala kaubweya) kunsi kwake, tomwe timazimitsa kulira kwa mawayawo; ukaponda pedulo yakumanja tonse timanyamuka.

Choyamba pezani komwe phokoso likuchokera. Chotsani poika buku la nyimbo paja, pondani pedulo pang'onopang'ono osakhudza kiyi iliyonse, kenako dinani makiyi imodzimodzi mukumvetsera. Makiyi akumapeto kumanja pafupifupi 20 alibe madampa ndiye musataye nawo nthawi.

"Fwaaa" ameneyu kawirikawiri amachokera chapakati kutsikira ku bass, komwe felt yake ndi yosongoka ndipo imalowa pakati pa mawaya. Nsonga ikatalika n'kudutsa kunsi imafufuma, ndiye potuluka imakwecha mawayawo. Mankhwala ake ndikudulako kansongako ndi kasizasi kakuthwa.

Apa mpomwe ndinapsa ine. Ndinadula ndongoyerekeza, osayika chizindikiro pomwe waya amagunda, ndipo pa madampa atatu ndinapitirira mpaka ndinadya malo ogwira waya. Manotsi atatuwo anasiya kuzima, ukachotsa chala akungolirabe, Lamulungu woyimba amangondiyang'ana cham'mbali. Ndiye inu yang'anani kamzere komwe waya wadinda pa felt, dulani kunsi kwake n'kusiyako pang'ono, yambani ndi kuchotsa dampa imodzi, mukadula ibwezereni, imvereni kaye. Felt yatsopano ndinachita kuitanitsa ku Joni, transport yokha inaposa mtengo wa katunduyo. Mkulu wina anafuna kundigulitsa felt yopangira zidole ati ndi yomweyo, bodza, siyizimitsa waya ngakhale pang'ono.

Ngati mukumva "ziii" potsika dampa ndiye kuti felt yauma pamwamba, ipeseni mofatsa ndi mswachi wouma. Kawaya ka dampa kamadutsa pakabowo kokhala ndi kansalu, dzinja kansaluko kamafufuma ndi chinyezi dampa n'kumakakamira. Pukutani kawayako kawale, donthezani Protek CLP (mankhwala oterereretsa opangira piyano) pang'ono ngati mwaipeza. WD-40 kapena mafuta a makina osokera ayi chonde, amaitana fumbi. Mawaya amkuwa aku bass osawagwira ndi manja, thukuta limawadetsa.

Kulira kwa "kwii" ndi kwa kunsi ku pedulo, gonani chagada muthire graphite (ufa wakuda woterera ngati wa m'kati mwa pensulo) pomwe ndodo ya pedulo ikukhudza chikopa. Kukakhala kugunda kwa "du" posiya pedulo, theka la vutolo ndi phazi la woyimba, muuzeni azikweza phazi mwaulemu.