Lekani kutema namasupuni ndi kumusiya m'mbali mwa dziwe

Nyengo ino alimi a nsomba ndi a m'masikimu a mthirira kuchigwa cha Shire ayambiranso chizolowezi chakale chija. Namasupuni akadzadza dziwe kapena ngalande, amalowamo ndi zikwanje, kumutematema, kenako kumuunjika pamkombero pomwepo. Amabwerera kunyumba akuti alambula, chonsecho amuchulukitsa.

Chomerachi chinachokera ku South America, ndipo kuno chinasiya adani ake ambiri kwawo. Chimaberekana kudzera m'timphukira toyenda cham'mbali, kamphukira kalikonse n'kukhala chomera pachokha. Mukatema, chidutswa chilichonse chotsala ndi tsinde ndi mizu chimayandama n'kuphuka. Madzi akakhala ofunda ndiponso a chonde, monga a m'dziwe lothiridwa manyowa, namasupuni amachuluka kawiri m'masabata awiri okha. Mulu wosiyidwa pamkombero suuma msanga chifukwa chomerachi ndi pafupifupi madzi okhaokha, ndipo mvula yoyamba imaukokolorera m'dziwe momwemo. Choipitsitsa n'kudikira mpaka maluwa ofiirira aja atatuluka. Njere zake zimamira m'matope, ndipo zimatha kukhala zamoyo zaka 20. Tinene kangati kodi?

Mlimi wina wa ku Nsanje ankamusiya dala m'dziwe, ati nsomba zizibisalamo mbalame zikabwera. Patapita miyezi iwiri madzi sankaonekanso. Dzuwa linaleka kufika pansi, madzi anasiya kubiriwira, chakudya chachilengedwe cha nsomba n'kutha. Atatema, zidutswa zinamira n'kuyamba kuola, ndipo kuolako kunamaliza mpweya m'madzi. M'mamawa ankapeza makumba akuyasamira pamwamba, ena atafa kale. Ndalama za mbewu ya nsomba ndi madeya zinapita choncho.

Onjezerani nkhono zofalitsa likodzo zomwe zimamatirira kumizu yake, udzudzu woswana pakati pa masamba, ndi ngalande zotsekeka moti a kumapeto kwa sikimu salandira madzi. Zidutswa zomwe mumakankhira mumtsinje sizithera pomwepo, zimakamera kwa anzanu kumunsi. Zomera za m'madzi ngati zimenezi ndi zomwe zimatseka makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, n'chifukwa chake pa Liwonde pali chotchingira chozigwira.

Zulani chomera chathunthu ndi mizu yake, pogwiritsa ntchito reki kapena foloko, maluwa asanatuluke. Valani magambutsi chifukwa cha likodzo. Tutirani kumtunda komwe madzi osefukira safika, muyanike padzuwa mpaka aumiretu. Wopanda maluwa musakanize ndi ndowe ndi mapesi a chimanga, apange kompositi, koma wamaluwa muotche akauma. Ikani sefa ya waya polowera madzi, ndipo sabata iliyonse muzungulire dziwe n'kuchotsa kalikonse kophukanso.