Mmene mungaphunzitsire mwana mapu a Turkey mutaima pa mlatho wa Shire

Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu nkhope ili gwaa. "Ababa, dziko limodzi lingakhale bwanji ku Ulaya ndi ku Asia komwe?" Ndinayesa kumufotokozera ndi buku, osamva. Loweruka ndinamukweza pa njinga mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Yesani nanunso.

Imani pakati pa mlatho, cham'mbali poti akabaza asakupsepseni, muyang'ane kumene madzi akuchokera. Nyanja ya Malawi kumpotoko muitche Black Sea. Tembenukani: Malombe, komwe Shire akukathira, ndiye nyanja ya Marmara. Madzi ali pansi panuwo ndi Bosphorus. Tsidya la ku boma ndi Ulaya, tsidya lopita ku Namwera ndi Asia, ndipo tauni yokhala uku ndi uku ndi Istanbul, mzinda wa anthu oposa 15 miliyoni. Muwolotseni kawiri, azinena yekha kontinenti imene wafikamo. Ku Istanbul anthu amatero tsiku lililonse popita kuntchito, ena pa sitima zapamadzi, ena pa milatho itatu, woyamba wa 1973, ena pa njanji yodutsa pansi pa madzi yomwe anaitsegula mu 2013.

Apa chenjerani, fanizo lingamusokeretse. Bosphorus si mtsinje. Ndi mpata wa madzi amchere, wotalika makilomita pafupifupi 30, ndipo pothina pake ndi mamita 700. Madzi apamwamba amatsika kuchokera ku Black Sea monga Shire wathu, koma apansi, amchere kwambiri, amabwerera kumtunda. Mumadutsa sitima zikuluzikulu za mafuta ndi tirigu wa ku Russia ndi Ukraine. Wanga anafunsa ngati mulinso mvuu. Mulibe.

Kenako tsikirani pamchenga ndi kamtengo ndi maso a chimanga 100. Lembani chimzere cha Bosphorus, atatu muwaike kumadzulo, 97 kum'mawa. Malo a Turkey agawika choncho. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri a mu Istanbul amakhala mbali ya Ulaya ija.

Chigawo chachikulucho ndi Anatolia. Pakati pake ikani mwala: Ankara, likulu kuyambira 1923. Ine ndinakula ndikuyesa kuti likulu ndi Istanbul, ndipo mwana wanu akalakwa, alakwira pomwepa. Pakatipo ndi pokwera ndi pouma, pa tirigu ndi nkhosa. M'mphepete mwa Black Sea mvula ndi yambiri, ku Rize amalima tiyi ngati ku Thyolo. Kum'mawa unjikani mchenga: uko kuli phiri la Ararat, mamita 5,137, pamene Sapitwa ndi 3,002. Mitsinje ya Firate ndi Tigirisi imayambira m'mapiri omwewo, ndipo anthu ambiri a mtundu wa Akurd kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa. Musadumphe zivomezi: cha pa 6 February 2023 chinapha anthu oposa 50,000 m'dzikomo.

Za kukula, ingomuuzani kuti Malawi angalowemo kasanu ndi kamodzi n'kutsalako malo. Mukatha fufutani ndi phazi, ajambulenso yekha. Wanga anaiwala Marmara, ndiye ndinangomulozera cha ku Malombe.