Momwe mungasamalire webusayiti ya WordPress kuti zolembedwa zisasokonekere

Mawebusayiti ambiri a masukulu, mipingo ndi mashopu muno mu Lusaka amayamba bwino, koma pakatha chaka mupeza nambala ya foni yakale patsamba lina, yatsopano patsamba lina, fizi ya temu yatha ikadali pamwamba. Kawirikawiri chimachititsa n'chakuti chinthu chimodzi chinalembedwa m'malo asanu, ndipo wodzasintha anakumbukira awiri okha. Njira zili m'munsizi n'za WordPress, pulogalamu yomangira ndi kuyendetsera mawebusayiti, koma nzeru yake imagwiranso pa mapulogalamu ena otere monga Joomla ndi Drupal.

Yambani ndi kulemba chinthu chilichonse pamalo amodzi

Tengani pepala, lembani zonse zimene zimabwerezedwa pawebusayiti: nambala za foni, nambala ya Airtel Money kapena MTN MoMo, nthawi yotsegula, mitengo, komwe muli. Chilichonse mwa izi chikhale synced pattern, kachidutswa kolembedwa kamodzi kamene kamaoneka chimodzimodzi paliponse mwakaika. Lembani mawuwo kamodzi mu block (kabokosi ka mawu kapena chithunzi patsamba), dinani timadontho titatu pamwamba pake, sankhani Create pattern, perekani dzina lomveka ngati "Nambala zolipirira", ndipo batani la Synced lisiyeni loyatsa. Kenako muziika pattern imeneyi paliponse ikufunika. Mukasintha pamodzi, masamba onse asintha. Kufikira WordPress 6.3 ya 2023, zimenezi zinkatchedwa Reusable blocks, choncho musadabwe mukaona dzinalo pa webusayiti yakale.

Chenjerani apa: mukakonza mawu mkati mwa pattern muli patsamba limodzi, mwakonza ponseponse. Ngati mukufuna tsamba limodzi lokha lisiyane, dinani Detach kaye. Ndipo nambala yolipirira isalembedwe pamanja kwina kulikonse. Kholo likatumiza fizi ku nambala imene sukulu inasiya kale, kubweza ndalamazo ndi ntchito yaikulu.

Siyanitsani Page ndi Post

Page ndi ya zinthu zokhalitsa, monga mbiri ya bungwe ndi mitengo. Post ndi ya nkhani za tsiku, monga chidziwitso cha msonkhano wa makolo. Ma Category, magulu aakulu a nkhani, akhale ochepa, asanu kapena asanu ndi awiri, ndipo mugwirizane mayina ake musanayambe. Ma Tag, timawu tozindikiritsa nkhani, ndiwo amabala chisokonezo: wina alemba "Matero", wina "ku Matero", wina "Matero Market", nkhani za dera limodzi n'kumwazikana patatu. Ngati palibe wowayang'anira, asiyeni.

Mawu akhale mawu, asakhale chithunzi

Posita ya mitengo yojambulidwa pa foni siingakonzedwe, siipezeka wina akasaka pawebusayiti, ndipo munthu wosaona amene amadalira pulogalamu yomuwerengera sangaimve. Mitengo ilembedwe mu Table block. Mukamakopera kuchokera ku Word kapena WhatsApp, matani ndi Ctrl+Shift+V kuti mitundu ndi zilembo za kumeneko zisabwere nawo. Mitu ing'onoing'ono ikhale Heading block, H2 kenako H3, osati mawu wamba ongodetsa ndi kukulitsa. Tsiku limene mudzasinthe theme (kaonekedwe ka webusayiti yonse), ma Heading adzatsatira maonekedwe atsopano, koma zokongoletsa pamanja mudzazikonza tsamba ndi tsamba.

Chepetsani zithunzi musanaziike

Chithunzi cha pa foni chimatha kufika 4 MB kapena kuposa. Chichepetseni chikhale mapikiselo 1600 m'lifupi ndi 300 KB kapena kucheperapo. WordPress imalandira zithunzi za mtundu wa WebP kuyambira pa 5.8 ya 2021, ndipo mtundu umenewu umapepuka kuposa JPEG. Kumbukirani kuti pa chithunzi chilichonse WordPress imapanga makope ena a misinkhu yosiyana, motero malo a hosting, kumene webusayiti imasungidwa, amadzaza msanga, komanso wowerenga wa ku Kanyama kapena Chawama amene wagula bandulo ya tsiku sadikira tsamba lolemera. Dzina la fayilo lisinthidwe kuchoka pa IMG_2041.jpg kukhala kwaya-ya-amayi-2025.jpg, ndipo lembani Alt text, mawu achidule ofotokoza zimene zili pachithunzi. Wodzabwera pambuyo panu adzachipeza mu Media Library, mosungira zithunzi, posaka dzina.

Adiresi ya tsamba isamasinthesinthe

Pitani ku Settings, Permalinks, sankhani Post name, ndipo chitani izi pachiyambi. Linki ikangoyenda m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, simungaibweze. Mukasintha adiresi kapena kufufuta tsamba, odina linki yakale akhoza kugwera pa 404, uthenga wonena kuti tsambalo silikupezeka. Ikani plugin (kapulogalamu koonjezera pa WordPress) ya Redirection, mupange 301, yomwe imatumiza wowerenga kuchokera ku adiresi yakale kupita ku yatsopano.

Aliyense akhale ndi akaunti yake

Administrator akhale mmodzi kapena awiri. Woyang'anira zolembedwa zonse akhale Editor, wofalitsa nkhani zake zokha akhale Author, wophunzira kumene akhale Contributor, amene amalemba koma sangafalitse. Pogwiritsa ntchito akaunti imodzi anthu anayi, Revisions, mbiri ya zosintha patsamba, sizingakuuzeni amene anafufuta ndime. Munthu akachoka ntchito ndipo mukuchotsa akaunti yake, WordPress ikufunsani za zolemba zake: sankhani Attribute all content to, mupereke kwa wina. Mukasankha kufufuta, nkhani zake zipita naye. Domain (dzina la webusayiti pa intaneti) ndi hosting nazo zilembetsedwe m'dzina ndi imelo ya bungwe, osati ya mnyamata amene anakumangirani webusayiti, chifukwa uthenga wokumbutsa kulipira umapita ku imelo imeneyo.

Backup isanafike update

Ikani UpdraftPlus kapena plugin ina yofanana, isunge kope la database (mosungira zolembedwa zonse) ndi mafayilo kunja kwa seva ya hosting, monga pa Google Drive. Chitani backup, kenako update plugin imodzi imodzi, mukuyang'ana tsamba loyamba ndi fomu nthawi iliyonse. Update ikadukira panjira, webusayiti imatha kukakamira pa uthenga wa "Briefly unavailable for scheduled maintenance". Lowani mu File Manager ya hosting, onetsani mafayilo obisika, fufutani fayilo ya .maintenance, ndiye mubwereze update ija. Plugin imene simuigwiritsa ntchito ichotseni ndithu, kungoizimitsa sikukwanira.

Sankhani munthu mmodzi woyendera masamba onse kumayambiriro kwa temu iliyonse, mu Januwale, Meyi ndi Seputembala. Ayimbe nambala iliyonse, atumize uthenga pa fomu, aone mitengo. Afufutenso mauthenga akale a pa fomu okhala ndi manambala a NRC ndi mafoni a anthu, pakuti lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti zinthu zoterezi zisasungidwe kupitirira nthawi imene zikufunika. Zoponyedwa mu Trash zimafufutika zokha pakatha masiku 30, choncho chimene chatayidwa molakwika chibwezedwe masikuwo asanakwane.